Mutu 6: Bango Limene Linagwira Achemwali

1. Pa dooko

Achemwali anga a Ethel anafera m'madzi pamalo pamene tsiku limenelo sipanagwe ngakhale dontho la mvula.

Zinachitika mu Januwale 1990, ku Midrand, pakati pa Joni ndi Pitoliya. Ine ndinali kumudzi, ku koleji ya zaulimi. Uthenga unandipeza maliro ataikidwa kale. Ndinasiya mabuku pabedi, n'kukwera lole ya katundu yopita ku Joni, ndipo ku kolejiko sindinabwererekonso.

A Ethel ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa mzungu wina kutsidya kwa kamtsinje. Iwo ndi amuna awo, a Macdonald, ankakhala m'kanyumba ka malata, mwa tinyumba timene kuno amati mikhukhu. Tinyumbato tinandanda m'mphepete mwa kamtsinjeko, kumunsi kwa dambo lalikulu la bango. Ambiri okhalamo tinali Amalawi.

Kumtunda kwa bangolo kunali miyala yowolokerapo. Tinkapatchula kuti pa dooko. Kupitirira pamenepo kunali mpope waukulu wa simenti, wotulutsa madzi ochokera ku nyumba zatsopano zimene zinkamangidwa pachitunda.

Tsiku lija mvula inagwa pachitundapo pokha. A Ethel anauona mtambo, koma anatsata nzeru ya kumudzi. Kwathu mtsinje sudzidzimutsa munthu. Umayamba wada kaye, kenako umakwera pang'onopang'ono, maso akuona. Choncho anavula nsapato n'kulowa. Ali pakati, madzi anatuluka mumpope muja nthawi imodzi.

Anawapeza m'mawa mwake, atakodwa m'bango.

Anasiya mwana wamng'ono, Rute. Amene anamutenga ndi mnzawo wa malemu, a Madina, ndipo kanyumba kawo kanali kotsiriza kumunsi, pafupi kwambiri ndi madzi. Ine nditafika ndinalowa mwa alamu anga, a Macdonald. Ganyu ndinaipeza pachitunda pomwepo, yonyamula njerwa ndi kukanda simenti.

2. Mlandu wa bango

Pofika Seputembala, kamtsinje kaja kanali kataphwa. Panangotsala timadzi tobiriwira m'maenje. Bango linauma mpaka kuyera, ndipo mphepo ikawomba linkalira usana wonse.

Lamulungu lina masana, a Macdonald analowa atanyamula mabotolo awiri a parafini. Limodzi anaika pamiyendo panga.

"Alamu, sitofu tili nayo imodzi," ndinatero. "Kapena mwaganiza zoti tigawane banja?"

"Kuphika kwanuko ndani angakulimbirane?" iwo anatero. Anafuna kuseka, koma kuseka kunawakanika. Anakhala pa kireti n'kuloza kunja ndi chibwano. "Mukulimva?"

"Bango?"

"Ndatopa nalo, Jerome. Ndikamapita ku ntchito lili pompo. Ndikamabwera lili pompo. Kumudzi ng'ona ikagwira munthu, anthu sagona mpaka ataipha. Mtengo ukagwera mwana, umadulidwa tsiku lomwelo. Ife chinthu chinatitengera munthu, ndipo tikuchisiya chizitiimbira nyimbo."

Ndinatembenuza botolo lija m'manja.

"Sindili ndekha," iwo anapitiriza. "Azimayi akudandaula njoka. Anyamata akuti matsotsi amabisala momwemo pa Lachisanu, tsiku la malipiro. Komanso ino si nyengo yake? Kumudzi pano tchire lapsa kale, ana ali kalikiliki kukumba mbewa."

"Nanga moto ukafika kunyumba?"

"Ufika bwanji? Mmalawi amasiya udzu pakhomo? Tinapalira ponseponse, dothi lili mbee."

Zinali zoona. Kuzungulira mikhukhu yonse panali poyera ngati pa bwalo la sukulu.

"Ine ndikaima ku dooko," a Macdonald anatero. "Inu mukaime kumunsi kuno, kuseri kwa dimba la Che Suwedi. Mukayatsa, ndikaona utsi wanu, nane ndiyatsa. Moto ukakumana pakati, nkhani yatha. Ndinu mlongo wake. Muyambe ndinu."

Manda a achemwali ndinawaona kamodzi kokha, ku Tembisa, mulu wa dothi lofiira pakati pa milu ya anthu osawadziwa. Sindinawasenze, sindinaponye dothi. Panalibe chimene ndinawachitira.

Ndinatenga botolo ndi machesi.

3. Che Suwedi

Che Suwedi anali mkulu wa ku Machinga, wa ndevu zoyera, amene anabwera ku Joni ine ndisanabadwe. Mkati mwa sabata ankasamalira maluwa a azungu. Lamulungu ankasamalira mpiru wake. Ndinawapeza atagwada m'dimbamo, akutunga timadzi m'kachitsime ndi chitini.

Anayang'ana botolo lija, kenako anayang'ana ine.

"Nyali yako ili kutali, mwanangu."

"Sindikupita kukayatsa nyali, bambo."

"Ndaona. Khala pansi."

"Ndili ndi changu."

"Bango silithawa. Khala pansi."

Ndinakhala pamzere. Iwo anaika chitini pambali n'kupukuta manja pa ovolosi.

"Anzanga atabwerera kumudzi mu 1974, migodi itasiya kutenga Amalawi, ine ndinatsala," anayamba motero. "Ndinapeza ntchito pa famu ina, pachitunda pomwe ukunyamula njerwapo. Nthawi imeneyo kuchokera pano mpaka kumene maso akulekeza kunali udzu wokhawokha. Udzu, mitengo ya minga apa ndi apo, ndi ng'ombe. Kamtsinje aka sikankaphwa. Mwezi ngati uno tinkachapa, kusamba, ngakhale kumwa kumene. Mvula ikagwa lero, madzi ankakwera mawa, ndipo ankakwera mwaulemu.

"Madzi ali ngati mlendo, mwanangu. Akagwa kuchokera kumwamba amafuna pokhala. Udzu umawayalira mphasa. Tsinde lililonse limawagwira mwendo kuti asathamange, mizu imawatsegulira njira, iwo n'kulowa pansi. Dothi limawasunga monga mmene mayi amasungira chimanga, n'kumatapa pang'onopang'ono mpaka chaka chithe. Ndiye chifukwa chake mtsinje unkayenda ngakhale m'chilimwe.

"Tsopano pita ukaone pachitundapo. Denga, denga, denga. Pansi phula. Pamene palibe phula, simenti. Mlendo akafika palibe amene akumupatsa pokhala. Denga likumukankhira ku ngalande, ngalande ku mpope, mpope kwa ife. Madzi amene kale ankatenga miyezi kuti adutse pano, lero akudutsa munthu asanamalize kumwa tiyi. Ndipo akapita, apita onse. N'chifukwa chake ndikukanda matope ndi chitini ngati nkhuku."

"Zimenezo ndikuzidziwa, bambo," ndinatero. "Ndinazilemba m'mayeso, ndipo ndinakhoza."

"Sindikukayika. Nanga parafiniyo?"

"Achemwali amene ndinkawalembera mayesowo kulibe."

Mphepo inadutsa m'bango.

"Komanso inu mukuteteza mpiru wanu," ndinawonjeza. "Musandiuze za alendo ndi mphasa."

"Mpiru wangawu ndimaukonda, sindikana," iwo anatero. "Ndiwo za ku shopu zimakoma ngati pepala. Koma imva izi, ndipo ukatha kumva, uchite zimene mtima wako ukufuna."

4. Chimene bango linachita

"Amene analowa m'bangomu kukatenga achemwali ako ndine," Che Suwedi anatero. "Ine ndi anyamata awiri. Mlamu wako sakanatha, tinachita kumugwira. Ndikuuza zimene ndinaona ndi maso anga.

"Bango lonse la kumtunda linali litagona pansi. Linagona chifukwa linalimbana ndi madzi. M'menemo munali matabwa, matayala, zidutswa za mapaipi, mchenga wa omanga nyumba, zonse zitaima pamenepo. Achemwali ako anali pakati pa zimenezo, bango litawakulunga m'chiuno.

"Iwe ukuti linawapha. Anamwalira asanafike m'menemo, mwanangu. Anamenyetsa mutu pamiyala ya pa dooko. Bango linangowakaniza kupitirira. Likanawalola, akanalowa mu Jukskei, ndipo mtsinje umenewo subweza munthu msanga. Ukudziwa zimene timachita kwathu mtembo ukasowa. Abale ako akanaika thunthu la nthochi m'manda. Amayi ako akanalira maliro a nthochi."

Ndinayang'ana pansi.

"Sindinamalize, mwanangu. Madzi aja atatuluka mumpope anali ofika munthu m'khosi. Atalowa m'dambomu anamwazikana, anasowa njira, anatopa. Pofika pakhomo pa Madina anali ongofika m'akakolo, ndipo ankayenda ngati nkhalamba. Ukudziwa amene anali m'nyumbamo? Rute. Amayi ake ankamusiya kumeneko akamapita ku ntchito. Anali m'tulo pabedi, madzi akudutsa kunsi kwa bedilo, iye osadzuka n'komwe.

"Pachitunda paja zonse zinatha. Pakati pa mpope uja ndi bedi la mwanayo chatsala ndi bango ili lokha. Mvula yoyamba ya kuno waimva mbiri yake. Siibwera ndi moni. Ukatentha lero, idzapeza njira yosesedwa.

"Kwanu ndi kwathu mwambo ndi umodzi pa nkhani iyi. Mlongo akamwalira, mwana amayang'ana kwa malume. Macdonald ndi bambo, inde, koma mwini mbumba ndiwe. Unali mwana wasukulu, lero ndiwe mutu, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya. Ngati ukufuna kuwachitira kanthu a Ethel, anakusiyira ntchito. Ili apo, ikusewera ndi chitini."

Ndinatembenuka. Kuseri kwa mpanda wa dimba, pakhomo pa a Madina, Rute ankathira dothi m'chitini n'kumalitaya. Anali atavala juzi ya amayi ake, manja atawapinda kangapo.

"Ndiye ndikwiyire ndani, bambo?" ndinafunsa. "Mpope? Simenti imene ndimakanda ndekha?"

"Funso limenelo ndilibe yankho lake," Che Suwedi anatero. "Inenso kapinga amene ndimathirira kwa azungu anamera pamene panali dambo. Tonse timadya pamenepo. Ndikungoti usakwiyire amene anakugwirira maliro."

Ndinatsegula botolo lija. Fungo la parafini linandilowa m'mphuno. Kenako ndinalitsekanso n'kuliika pafupi ndi chitini chawo.

"Muli ndi sitofu?"

"Ndili nayo."

"Ndiye mwapeza mafuta. Ndikupita kukawauza alamu."

Che Suwedi anadzutsa mutu. Maso awo anali kumtunda. Nditayang'ana komweko ndinaona utsi woyera ukukwera kuchokera ku dooko.

A Macdonald anali atatopa kudikira.

5. Moto

Mphepo inkachokera kumtunda, ndipo moto unkabwera nayo. Bango louma limapsa mophulika. Phokoso lake linamveka mpaka ku mikhukhu, anthu n'kuyamba kutuluka.

"Pakati pali pochepa, pamene pali mwala waukulu," Che Suwedi anatero, akudzuka movutikira. "Ngati tingaudule ndi pamenepo. Tenga chikwanje."

Ndinathamanga ndikuitana anthu. Ena anabwera. Ena anangoima m'makomo mwawo, manja m'chiuno.

"Lisiyeni lipse," mayi wina anatero. "Njoka zimenezo mumazilipiritsa lendi?"

"Iwe wa ku koleji, dzulo lomweli unkalitukwana bangoli," mnyamata wina anandiseka. "Lero lasanduka m'bale wako?"

"Bwera udzandiseke uli ndi khasu m'manja," ndinamuyankha. Anabwera.

Vuto linali madzi. Mumtsinje munalibe oti n'kutunga. A Madina anagubuduza mgolo wawo wa madzi ochapira, amene ankawatenga kutali pa wilibala, n'kuutsegula osafunsa munthu. Tinaviika masaka m'menemo.

Pamwala paja tinatchetcha bango kuchokera gombe lino mpaka linalo. Amuna ankadula, amayi ankakokera kumunsi. Masamba ake ankacheka manja ngati lezala. Moto utafika, kutentha kwake kunatibweza m'mbuyo. Mbaliwali za moto zinkadumpha mpata wathu n'kugwera kuseri, ife n'kumazimenya ndi masaka. Nsidze zanga zinapsa. Che Suwedi anagwa kamodzi, anyamata anawakokera kunja, koma anabwereranso ndi nthambi yaiwisi.

Moto unalimbana nafe mpaka dzuwa linapendeka. Kenako unasowa chakudya, unagona.

Kumunsi kwa mwala bango linatsala. Koma linali laling'ono. Kuchokera pamwalapo mpaka ku dooko, dambo lonse linali lakuda, lathyathyathya, likufuka utsi. Kwa nthawi yoyamba munthu ankatha kuima pakhomo pa a Madina n'kuona kukamwa kwa mpope uja, popanda chotchinga.

6. Phulusa

A Macdonald ndinawapeza atakhala pamiyala ya pa dooko, botolo lopanda kanthu lili pambali.

"Simunayatse," iwo anatero, osandiyang'ana.

"Sindinayatse."

"Ndinadikira. Ndinati mwina machesi anyowa." Anapukuta nkhope ndi chipewa. "Ndimayesa ndimva bwino, alamu. Lapsa, koma palibe chasintha. Kungoti tsopano ndikuona malo enieniwo."

Ndinakhala pafupi nawo. Mawu owakalipira ndinali nawo, koma botolo linalo ndinalinyamula ndine. Ndinawauza zonse zimene Che Suwedi ananena: za miyala, za nthochi, za madzi kunsi kwa bedi.

"Za bedizo palibe anandiuza," iwo anatero.

"Munali pa maliro."

Anaimirira mofulumira ngati aponda khala. Tinatsika limodzi, tikuyenda m'phulusa lotentha.

Anthu anali atasonkhana pamwala paja. Che Suwedi anakumba pansi ndi chikwanje n'kuzula muzu. Kunja unali wakuda. Ataupala ndi chikhadabo, mkati munali moyera ndi monyowa.

"Silinafe," iwo anatero. "Bango silifa ndi moto umodzi. Likapeza kamvula kofatsa, liphuka, ndipo pofika Khirisimasi lidzakhala litatalika. Koma likufuna nthawi. Mvula ikayamba ndi ukali, idzakokolola phulusa ndi dothi lomwe, idzakumba ngalande pakati pa dambo. Ngalande ikakumbika, madzi sadzamwazikananso. Adzayenda njira imodzi, ndipo njirayo mukuiona kumene ikuloza."

Tonse tinayang'ana kanyumba ka a Madina.

A Madina anali atabereka Rute kumbuyo. Nsalu yawo inali itapsa m'mphepete. Sanalankhule ndi a Macdonald. Anayang'ana ine.

"Tsono malume ake a Rute, tiuzeni. Kumtunda kuli mpanda wa waya wa kampani yomanga nyumba, ukamanga kumeneko mawa lake apolisi afika kudzafunsa mapepala okhalira m'dziko muno. Kuno kuli madzi. Mwanayu azigona kuti?"

"Kuyambira lero azigona kwa ife, ndi inu nomwe," ndinatero. "Kwathu n'kokwererako pang'ono. Ine ndi alamu tigona pakhonde la Che Suwedi."

"Khonde langa lamva," Che Suwedi anatero. "Nanga nyumba zinazi?"

"Tiyale mizere ya miyala modutsa dambo, kuyambira ku dooko kutsika. Madzi akagunda mzere woyamba afooke, wachiwiri afookenso. Bango limene tadulali tilimange m'mitolo, tilikhomere kuseri kwa miyalayo."

"Miyala yochuluka choncho uitenga kuti?" mnyamata wa khasu uja anafunsa.

"Pachitunda pali mulu wa njerwa zosweka. Amalipira lole kuti ikataye. Mawa ndikapempha kwa kapitawo."

"Iwe? Wopanda mapepala? Kapitawo uja akakudziwa dzina, Lachisanu uli m'galimoto ya apolisi, ulendo wa kumalire."

"Ndikudziwa."

"Ndipita nanu," a Macdonald anatero motsitsa mawu.

"Ayi, alamu. Akatitenga tonse, mwana atsala ndi ndani? Inu muyambe kukumba mzere woyamba."

Mphepo inali itasintha. Tsopano inkachokera kummwera, yozizira, ndipo inkanyamula phulusa n'kulimwaza pa madenga. Kumbali ya Joni, kumene kumwamba kunakhala koyera kuyambira Meyi, kunali kutaunjikana mtambo waukulu, woyera pamwamba, wakuda pansi.

Rute anatulutsa dzanja m'nsalu n'kuuloza.

"Malume, mvula," anatero, ndipo anayamba kuwomba m'manja.